Eyakoni ya Honda Fit yosazizira: zomwe ndinapeza ndi zomwe ndinalipira

Galimoto yanga ndi Honda Fit ya 2009, ya injini ya 1.3, imodzi mwa zija zimachokera ku Japan, n'kutsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kudzalowera pa Songwe. Ine ndinagula kwa munthu konkuno ku Lilongwe mu Malichi, ndipo mwini wakeyo anandiuza monyadira kuti eyakoni wangoithiritsa gasi kumene. M'miyezi yachisanu palibe amaiganizira eyakoni. Koma Seputembala atapita kumapeto, fumbi litakwera, dzuwa likuswa mtengo, zinadziwika kuti zinthu sizili bwino: mphepo inkatuluka yochepa ngakhale fani ili pa 4, ndipo kuzizira kwake kunali kongonamizira. Ndimakhala ku Area 25, ntchito ndimagwira ku Old Town, ndiye amene amaudziwa mdipiti wa magalimoto pa mlatho wa Lilongwe nthawi yoweruka amvetsa chifukwa chake sindinangotsitsa magalasi n'kuiwalako.

Loweruka, 5 Okutobala 2024: kuyeza kaye

Aliyense amene ndinamuuza anayankha chimodzimodzi: "Gasi watha ameneyo, kathiritseni." Koma gasi wa eyakoni sapsa, amangozungulira m'mapaipi otseka. Akachepa pasanathe chaka ndiye kuti pali pomwe akuthawira, ndipo kuthira wina ndi kulipira kuti nayenso athawe. Ndinayamba ndi zinthu zosalira ndalama.

Ndinabwereka kathemometa kamene mayi a kunyumba amayezera makeke, kokhala ndi kachitsulo kosongoka, n'kukalowetsa potulukira mphepo pakati pa dashibodi. Magalasi otseka, batani lozunguliza mphepo ya mkati loyatsa, fani pa 2, cha m'ma 1 koloko masana, panja madigiri 31. Galimoto itaima, injini ikulira, kathemometa kanakhazikika pa 22. Nditatulukira pa M1 kulowera ku Lumbadzi, pa liwiro la 80, kanatsika mpaka 16. Eyakoni yabwinobwino imayenera kutsika pansi pa 10.

Kusiyana kwa madigiri 6 pakati pa kuima ndi kuthamanga kunandiuza kuti kondensa, ija imakhala kutsogolo kwa rediyeta, sikulandira mphepo yokwanira galimoto ikaima. Komabe ngakhale pothamanga sinafike pomwe ikuyenera, ndiye panalinso china. Nanga kuchepa kwa mphepo yotulukayo? Imeneyo ndi nkhani inanso, gasi alibemo mbali.

Tsiku lomwelo madzulo, ndi Lolemba, 7 Okutobala: fyuluta

Fyuluta ya mphepo ya mkati ili kuseri kwa kabokosi koyang'anizana ndi mpando wa pasenjala. Sipafunika sipanala. Mumafinya mbali ziwiri za kabokosiko kuti kagwere pansi, kenako n'kusolola kathireyi. Zomwe zinatuluka mmenemo, abale! Fumbi lofiira la kuno litagwirana ngati nkhoko za mumphika, timasamba ta jakaranda, nthenga, ndi makoko a mtedza, kusonyeza kuti khoswe anakhalamo nthawi ina osalipira lendi. Pambali pake panali kasitika ka zilembo za Chijapani. Chichokereni ku Japan palibe anaisinthapo. Nditailozetsa kudzuwa, kuwala sikunkadutsa.

Ndinayatsa fani fyuluta ili kunja, mphepo inabwera yamphamvu mpaka kuulutsa malisiti omwe anali pampando. Koma musaisiye choncho masiku ambiri. Popanda fyuluta, fumbi limakamatira pa evaporator, ija ya mkati mwa dashibodi pomwe mphepo imazizirira, yomwe imakhala yonyowa eyakoni ikamagwira ntchito, ndipo kuti muifike bwinobwino pamafunika kugwetsa dashibodi yonse.

Lolemba ndinapeza yatsopano ku Malangalanga pa K18,000. Yakaleyo ndinaitenga m'jumbo kuti tikayerekeze, chifukwa ma Fit alipo a mibadwo yosiyana ndipo ogulitsa amangoti "ndi yomweyo, bwana". Ndinagulanso chitini cha thovu lotsukira evaporator pa K15,000. Ndinamasula masikulu atatu a fani ya mkati, yomwe ili pansi pa kabokosi komweko, n'kuchotsa zinyalala zomwe zinali m'mapiko ake, kenako n'kupopera thovu lija. Patapita kanthawi, madzi akuda anayamba kudontha pansi pa galimoto kudzera pa kapaipi kotayira madzi. Poika fyuluta yatsopano, kamuvi kosonyeza kumene mphepo ikupita kaloze pansi.

Chodabwitsa, kathemometa kanakwera kufika pa 23. Si kuti ndinaononga china ayi. Mphepo yachuluka, koma mphamvu yoiziziritsa ikadali yofooka yomwe ija.

Lachitatu, 9 Okutobala: fani imodzi ili chete

Boneti yotsekula, eyakoni yoyatsa. Galimotoyi ili ndi mafani awiri kuseri kwa rediyeta, ndipo kompuresa, ija imapopa gasi m'mapaipi, ikagwira onse amayenera kuzungulira. Imodzi yokha ndiyo inkazungulira. Ndinatenga ndowa ya madzi n'kuwaza pa kondensa kudzera pa giliru yakutsogolo. Pasanathe mphindi imodzi kathemometa kanatsika ndi madigiri anayi. Kayezedwe kameneka n'kaulere, ndipo kamatsimikiza kuti vuto lili pa kuziziritsa kondensa.

Mafyuzi anali abwino. Rilei ndinaisinthanitsa ndi inzake yofanana nambala, palibe chinasintha. Kenako ndinazula pulagi ya fani yakufayo n'kuipatsa magetsi kuchokera ku batire mwachindunji ndi mawaya awiri. Zii. Nditaimenya pang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva inadzidzimuka, kuzungulira mwaulesi, n'kuimanso. Umenewo ndi umboni wa makaboni otha mkati mwa mota.

Mwa njira, kuyeza konseku kumafuna injini ikulira galimoto itaima, pomwe petulo nthawi imeneyo, mu 2024, anali pa K2,530 pa lita ndipo kuti umupeze unkachita kugona pamzere. Ndinkayeza mwachangu n'kuzimitsa.

Loweruka, 12 Okutobala: mota ya kaunjika

Ku Biwi ndinapeza mota yochotsedwa m'galimoto ina pa K40,000. Wogulitsa anaigwiritsa ku batire pamaso panga, inazungulira. Nditafika kunyumba n'kumangirirapo mapiko, inayamba kugwedera ndi kulira, ndipo pasanathe mphindi khumi inali itatentha yosagwirika. Popanda mapiko mota iliyonse imaoneka yamoyo. Ngati mukugula ya kaunjika, pitani ndi mapiko anu mukaiyese italemedwa. Nditaibweza tinakambirana nthawi yaitali, mapeto ake anandibwezera K30,000. K10,000 inalowa m'madzi.

Mnyamata wina wokonza zamagetsi a galimoto, amene ankamvetsera mkangano wathu ali pa benchi, anandiitanira pambali. "Akulu, mota yanu yakale ija muli nayo? Bweretsani tiione kaye." Anaitsekula powongola timano ta chitsulo tomwe timagwira chivundikiro. Makaboni anali atatha mpaka masipuling'i kuonekera, koma mawaya a mkati anali osapsa. Anatenga makaboni a mota ina okulirapo, kuwapala ndi fayilo mpaka analowa bwino m'malo mwake, kupukuta pomwe amakhudza ndi sandipepala wosalala, n'kudonthezera oyilo pa mabushi. K12,000. Kunena zoona, ntchito yake inandigwira mtima kuposa sipeya yomwe ndinkafuna kugula ija.

Lachiwiri, 15 Okutobala: kumanga fani

Tsiku la anakubala, anthu ambiri ali kunyanja, ine ndili pansi pa boneti. Ndinamanga fani, n'kutsuka kondensa ndi paipi ya madzi, osati mothamanga kwambiri chifukwa timapiko take n'tofewa, timapindika msanga. Munatuluka matope, udzu ndi tizilombo touma.

Zotsatira: poima 17, pothamanga 16. Kusiyana kuja kwatha. Tsopano mpamene nkhani ya gasi inayenera kulowa.

Loweruka, 19 Okutobala: mageji ndi sopo

Apa ndi pomwe manja anga anathera, chifukwa mageji, makina okoka gasi ndi sikelo ndilibe. Ndinapita kwa bambo wina wachikulire amene wakhala akukonza mafiriji ndi maeyakoni kwa zaka zambiri. Ndinamusankha chifukwa nditangofika anandifunsa zomwe ndachita kale, osati kungothamangira silinda.

Injini isanalire, mageji onse awiri anaonetsa pafupifupi 90 psi. Ndinati ndiye kuti gasi alimo wokwanira. "Ayi bwana," anatero, "nambala imeneyi ikungotiuza kutentha kwa lero. Kaya muli theka kaya muli wodzadza, bola muli kamadzi pang'ono, singano iima pomwepa. Tiyatse kaye." Injini ikuzungulira maulendo 1,500 pa mphindi, geji ya buluu, ya mbali yomwe kompuresa imakoka gasi, inatsika mpaka 18, yofiira, ya mbali yomwe imamukankha, inangofika 115, ndipo kompuresa inkangogwira n'kusiya, kugwira n'kusiya. Zonse ziwiri zikatsika chonchi ndiye kuti gasi wachepa.

Sanamutayire m'mwamba monga amachitira ambiri. Anamukokera m'silinda ina ili pa sikelo, ndipo anatuluka magalamu 170 okha, pomwe sitika ya pansi pa boneti imati pakati pa 370 ndi 420. Gasi wake ndi R134a, mmodzi mwa aja mayiko anagwirizana ku Kigali mu 2016 kuti achepetsedwe chifukwa amaonjezera kutentha kwa dziko, ndiye kumutaya dala si chinthu chonyadira.

Kenako anapopera naitrojeni mpaka 150 psi n'kuyamba kuyenda ndi botolo la madzi a sopo wotsukira mbale, pa mfundo iliyonse ya mapaipi. Ndinamufunsa chifukwa chake sagwiritsa ntchito silinda ya okosijeni, poti owotcherera ali ponseponse kumeneko. Anaimirira n'kundiyang'ana. "Achimwene, munthu akadzabwera ndi okosijeni pafupi ndi eyakoni yanu, tsekani boneti muzipita. Mmenemu muli oyilo. Okosijeni ndi oyilo zikakumana zitapanikizika, zimaphulika." Ndalemba mawu akewa monga anayankhulira chifukwa nkhaniyi ndi ya moyo.

Thovu loyamba linaoneka pa kavalavu kothirira gasi ka mbali ya buluu, kofanana ndi ka tayala. Linali laling'ono, lotuluka mwa apo ndi apo. Lalikulu linali pa ngodya ya m'munsi ya kondensa. Pamalopo panali kale banga lakuda, fumbi litamatira pa oyilo, ndipo ine potsuka paja ndinaliona koma ndinkayesa litsiro wamba. Gasi akamathawa amatuluka ndi oyilo pang'ono, choncho banga lonona pa kondensa kapena pa paipi ndi chizindikiro. Sopo atangofikapo panatumphuka thovu losalekeza. Kamwala kanalasa kamodzi mwa timapaipi tathyathyathya tija, n'kusiya kabowo kosaoneka ndi maso. Ndi misewu yomwe yakhala ikukumbidwa m'tauni muno, si zachilendo.

Kukoka gasi ndi kuyeza: K25,000.

Loweruka, 26 Okutobala: kondensa yatsopano, magetsi n'kuzima

Panali njira ziwiri. Kuwotcherera bowolo pa K30,000, kapena kugula kondensa ina. Timapaipi ta kondensa za masiku ano ndi ta aluminiyamu wopyapyala kwambiri, ndipo wowotcherera amangotseka kapaipi konse kapena kuboola koyandikana nako. Kuonjezera apo, kathumba koyamwa chinyezi kamakhala m'mbali mwa kondensa momwemo, ndipo kanga kanali katagwira ntchito zaka 15. Ndinagula yatsopano, yosakhala ya kampani yopanga galimotoyo, pa K170,000. Zinawawa, makamaka podziwa kuti kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 masipeya sankalira chonchi.

Bampa inachoka. Timapini ta pulasitiki tambiri tinathyoka chifukwa cha kuuma ndi dzuwa, tinamangira ndi ma cable tie. Timphira tozungulira ta pa mfundo tinasintha tonse ta pomwe tinamasula, pamodzi ndi mavalavu awiri aja, K8,000. Timphirati tikhale ta eyakoni, osati tomwe amagulitsa a mipope ya madzi. Bambo aja ankatinyowetsa ndi oyilo wa kompuresa asanatiike, ndipo mu kondensa anathiramo oyilo wa PAG mamililita 25 kubwezera amene anapita ndi yakale. Oyiloyu amayamwa chinyezi msanga, botolo lake silikhala lotsekula.

Ndisanalole kuti athire, ndinapempha kuona silinda. Panalembedwa R134a. Musachite manyazi kufunsa, chifukwa pamalo okonzera mafiriji pamakhalanso R600a, amene amayaka moto, ndi R22, amene mphamvu yake ndi yoposa yomwe mapaipi a galimoto anapangidwira.

Makina okoka mpweya atangolira mphindi khumi, magetsi anazima. Mnyamata wothandizira anati, "Madala, yakwana imeneyi, tingothira." Bambowo anakana. Cholinga cha kukokaku si mpweya wokha, koma chinyezi, chomwe chimafuna nthawi kuti chiphwe. Chikatsalira chimaundana pa valavu yopanikiza gasi n'kutseka njira, ndipo chikasakanikirana ndi oyilo chimadya zitsulo mkati. Tinatseka mageji n'kudikira mpaka tinabwereka kajenereta kwa a saluni oyandikana nawo. Anakokanso mphindi 45.

Singano yosonyeza mphamvu ya kukokako inaima pa 26, pomwe ine ndinawerengapo kuti iyenera kufika 29 kapena 30. Mtima unayamba kukayika. Koma manambala amenewo ndi a m'mphepete mwa nyanja yamchere. Lilongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, mpweya wa kuno ndi wopepukirapo, choncho geji singapitirire 26 ndi pang'ono ngakhale makina akhale atsopano. Chofunika n'chakuti makina akazimitsidwa singano isabwerere. Tinaisiya theka la ola, sinasunthe.

Gasi anathira pa sikelo, magalamu 400 ndendende, osati mongomvera paipi ndi dzanja. Anthu ena amapempha kuti "muonjezereko kuti izizizira kwambiri". Ndi zabodza zimenezo: gasi akapyola muyezo mbali yofiira imakwera, kompuresa imalemedwa, mphepo imafunda. Titamaliza, buluu 30, yofiira 190, panja madigiri 30, kathemometa 8.

Oyilo, kukoka ndi gasi K65,000. Ntchito yomanga K30,000.

Loweruka, 2 Novembala: vuto lobisala litulukira ku Salima

Sabata yonse m'tauni zinali bwino. Loweruka tinanyamuka ndi banja kupita ku Senga Bay. Mpaka pa Chezi ana ankadandaula kuti kukuzizira. Titatsika zitunda n'kulowa m'chitentho cha Salima, pa Kamuzu Road pomwe timayenda pang'onopang'ono pakati pa makabaza, mphepo inangofunda mwadzidzidzi. Getsi la batani likuyaka. Apongozi ali kumbuyo anangoti, "Bambo, si mwati munakonzetsa?"

Ndinaima pamthunzi, injini osazimitsa. Mafani onse awiri ankazungulira. Pa kompuresa, pule inkazungulira ndi lamba, koma kambale ka kilatchi kakutsogolo kwake, kamene kamayenera kukokedwa ndi maginito kuti kompuresa igwire, kanali duu. Ndinasinthanitsa rilei, chimodzimodzi. Ndiye ndinatenga ndodo yaitali n'kukankha kambaleko pang'ono: tcha! Kanagwira, ndipo mphepo yozizira inabwerera nthawi yomweyo. Mukamayesa zimenezi ndodo ikhale yaitali, manja ndi malaya zikhale kutali ndi lamba.

Kambale aka kamaperepeseka ndi zaka, mpata pakati pa iko ndi pule n'kumakula. Injini ikadali yozizira maginito amakwanitsa kukakoka. Koyilo yomwe imapanga maginitowo ikatentha mphamvu yake imachepa, ndiye kakangosiya kamodzi sikabwereranso mpaka galimoto itapuma. Maulendo afupiafupi a m'mawa sangaonetse vuto limeneli. Pobwerera madzulo kutazizira, eyakoni inagwira njira yonse.

Loweruka, 9 Novembala: kawashala kamodzi

Makaniko wina nditamufotokozera anati kompuresa yafa, ya kaunjika ilipo pa K280,000, kuphatikiza kuthiranso gasi. Ndinabwerera kwa bambo aja. Anachotsa tayala lakutsogolo la mbali ya dalaivala ndi chipulasitiki chotchinga matope, kompuresa n'kuonekera bwino. Gasi sanamukhudze n'komwe.

Poyeza ndi feeler gauge, timizere tachitsulo topyapyala toyezera mipata, mpata unali mamilimita 0.9. Muyezo wake ndi pakati pa 0.35 ndi 0.65. Koyilo pa mita inaonetsa ma ohm 3.2, yabwinobwino. Anamasula nati yapakati, kusolola kambale mosamala, ndipo kuseri kwake kunali timawashala tiwiri topyapyala tomwe timakhazikitsa mpatawo. Kamodzi kanamatira ku kambale, pang'ono kagwere m'fumbi. Yalani nsalu pansi musanasolole. Anachotsa ka 0.4, kupukuta dzimbiri pankhope ziwirizo, n'kubwezeretsa. Mpata unabwera pa 0.5, ndipo anayeza malo atatu kuzungulira kuti atsimikize kuti kambale sikanapendekeke. Pomaliza anakazunguliza ndi dzanja injini ili yozima, kumvetsera ngati kakukhula pa pule. Mpata ukachepa kwambiri kilatchi imakhula nthawi zonse mpaka kupsa.

K15,000, ndipo sipanathe ola.

Loweruka, 16 Novembala: pomwe zafika

Ndaiyesa pamzere wa petulo masana, komanso pa mdipiti wa pa mlatho uja. Panja 32, poima 9, pothamanga 7, ndipo kilatchi ikugwira ngakhale injini itatentha. Kuseri kwa giliru ya m'munsi ndamangako kawaya ka sefa kotchinga miyala, K6,000 ku Mchesi. Ndinasankha ka maso akuluakulu, chifukwa kothinana ngati ka udzudzu kangatseke mphepo n'kubweretsanso vuto lomwe ndinayamba nalo.

Zonse pamodzi zakwana K374,000, ndipo K170,000 mwa imeneyo ndi kondensa yokha. Fyuluta, makaboni ndi kawashala, zomwe zinathetsa mavuto atatu mwa anayi, zinadya K45,000.

Zatsala ziwiri. Fani ya mkati ikulira kaphokoso ikakhala pa 4, mwina mabushi ayamba kutha. Ndidzaitengera kwa mnyamata wa makaboni uja isanaimiretu. Ndipo bambo aja anati ndidzabwere mu Disembala adzaikenso mageji ndi kuwaza sopo pa mfundo zomwe tinamasula, chifukwa ngati kamphira kena sikanakhale bwino, pofika nthawi imeneyo banga la oyilo lidzakhala litaoneka.